Vinyo wabwino tikumuphera pa tebulo

Akonzi,

Tipatseniko danga tidandaule za botolo la vinyo. Tikudziwa kuti ambiri anena kuti imeneyi ndi nkhani ya anthu okhuta, ndipo sitikana. Komabe mabotolo amenewa akufika ndithu m'makomo mwathu. Mwana wa ku Britain wabwera nalo m'chikwama ngati mphatso ya bambo ake, mlamu wa ku Joni wagula pa bwalo la ndege, kapena komiti ya ukwati yatulutsa ndalama zambiri kuti pa tebulo la akwati pakhale chinthu chooneka. Botolo lija limaimikidwa m'kabati ya magalasi pabalaza, pansi pa malata, miyezi isanu ndi itatu kuti alendo aziliona. Tsiku la phwando limatsegulidwa masana a mu Okutobala, vinyo n'kuthiridwa m'tambula mpaka m'milomo. Woyamba kulawa amakwinya nkhope n'kunena kuti akuwawa ndipo akuwotcha pakhosi. Wachiwiri amaitanitsa Coca-Cola kuti asungunulire. Mawa lake mbiri imamveka yoti vinyo wodula ndi kutaya ndalama chabe.

Ife ntchito yathu ndi yosankha, kusunga ndi kuthirira alendo vinyo, ndipo tikuti nthawi zambiri vinyoyo amakhala wosalakwa. Titenge chitsanzo chimodzi, vinyo wofiira wa ku Saint-Émilion wochokera m'minda ya pa mwala wa laimu, chifukwa chimene munthu amalipirira mwa vinyo wotereyu n'chomwenso chimayamba kufa botolo likatenthedwa.

Saint-Émilion ndi katawuni ka ku France, makilomita pafupifupi 40 kum'mawa kwa mzinda wa Bordeaux, kumpoto kwa mtsinje wa Dordogne. Kanamangidwa pa chitunda cha mwala wa laimu, mtundu wa mwala umene amaphwanya popanga simenti ndi laimu wothira m'munda. Akuluakulu akukumbukira wa ku Changalume ku Zomba, koma wa ku Saint-Émilion ndi wofewa ndiponso wodzaza timabowo. Zaka pafupifupi 30 miliyoni zapitazo malowa anali pansi pa nyanja, ndipo zigoba za tizilombo ta m'madzi zinaunjikana mpaka kusanduka thanthwe. N'lofewa moti m'zaka za m'ma 1100 anthu anasema tchalitchi chathunthu mkati mwa thanthwelo, ndipo kwa zaka mazanamazana ankadulamo miyala yomangira nyumba, zina za mumzinda wa Bordeaux momwe. Mapanga amene anatsala pansi pa tawuni ndi minda amakwana makilomita pafupifupi 200. Lero ena mwa mapangawo ndiwo nkhokwe za vinyo, pakuti mkati mwake mumakhala madigiri 12 kapena 13 chaka chonse. Bungwe la UNESCO linalemba derali pa malo osungidwa a dziko lonse mu 1999. Sungani nambala ya 13 ija m'mutu, muiyerekeze ndi kabati ya pabalaza.

Mwalawu umathandiza bwanji mpesa? Nkhani yake yagona pa madzi. Pamwamba pa chitunda dothi la makande ndi lochepa, m'malo ena silikwana ndi theka la mita, kenaka thanthwe. Mvula ikagwa yambiri, madzi amalowerera m'timabowo ta mwala ndipo mizu simira. Chilimwe chikauma, mwala uja umabweza chinyezi pang'onopang'ono, madzi akukwera kupita ku mizu ngati mmene palafini amakwerera chingwe cha koloboyi. Mpesa sukhuta madzi, komanso sufota. Malamulo a kumeneko salola kuthirira mwachisawawa, ndiye thanthwelo ndilo mthirira wawo. Mpesa wokhala ndi kaludzu pang'ono umaleka msanga kutaya mphamvu pa masamba ndi nthambi, umabala mphesa zing'onozing'ono za khungu lokhuthala, ndipo zimapsa mosathamanga osataya asidi wake. M'zaka za dzuwa loopsa monga 2003 ndi 2022, minda ya pa laimu ndi makande inapirira bwino kuposa ya pa mchenga, pamene mipesa inavutika ndi ludzu.

Apa tiwongole bodza limodzi limene limamveka m'malo omwera apamwamba, lakuti munthu amamva kukoma kwa mwala mwa vinyo. Mizu siyamwa mwala. Imatenga timchere tosungunuka m'madzi, tochepa kwambiri moti lilime silingatizindikire. Mukamva wina akunena za "choko" kapena "mwala", dziwani kuti akufotokoza zinthu ziwiri zenizeni: kuwawasa kotsitsimula kumene kumatulutsa malovu, ndi kafumbi kosalala kamene kamatsala pa lilime vinyo atamezedwa. Zonse ziwiri zimachokera ku mmene mphesa zinapsera, ndipo mwala unathandiza kudzera m'madzi.

Laimu ali ndi vuto lakenso, ndipo alimi a kwathu odziwa kumezanitsa mango ndi malalanje amva msanga. M'zaka za m'ma 1860 kachilombo ka phylloxera kochokera ku America kanayamba kudya mizu ya mipesa ya ku France. Mankhwala ake anali kumezanitsa mpesa wa ku Ulaya pa tsinde la mpesa wa ku America, umene mizu yake imapirira kachilomboka. Koma matsinde oyamba atabzalidwa pa laimu, masamba anasanduka achikasu chifukwa m'nthaka yotere ayironi amamangika, mizu n'kulephera kumutenga. Mu 1887 katswiri wa ku France Pierre Viala anapita ku America, ndipo mothandizidwa ndi T. V. Munson wa ku Denison ku Texas anapeza mipesa yakutchire yomera pa miyala ya laimu ya kumeneko. Mtundu umenewo ndiwo unalowa m'matsinde opirira laimu monga 41B ndi Fercal. Choncho vinyo wa Chifalansa amene muli naye m'manja waima pa mizu yokhala ndi magazi a ku Texas.

Tsopano za kusakaniza. Kawirikawiri vinyo wa ku Saint-Émilion sachokera ku mtundu umodzi wa mphesa. Wambiri amakhala Merlot, nthawi zambiri magawo 7 kapena 8 pa magawo 10, ndipo otsalawo Cabernet Franc, amene kumeneko amamutchanso Bouchet. Merlot amapsa msanga, amadzaza m'kamwa, amanunkhira ngati mapulamu akupsa, ndipo shuga wake amakhala wambiri moti mphamvu ya mowa imafika 14 kapena 15 peresenti. Payekha m'chaka chotentha amatha kukhala wolemera ngati jamu. Cabernet Franc amapsa mochedwerapo ndipo amabweretsa kafungo ka maluwa ndi ka masamba, kuwawasa, ndi msana woti vinyo aimirire. Cabernet Sauvignon amene ambiri timamudziwa amalowa wochepa kapena osalowa n'komwe, chifukwa nthaka ya makande ndi laimu ndi yozizira ndipo iye amachedwa kupsa. Kwawo ndi ku Médoc, dera lina la mphesa la kufupi ndi Bordeaux, tsidya la kumadzulo, pa nthaka ya nsangalabwi zotentha.

Mtundu uliwonse, nthawi zina munda uliwonse, umawiritsidwa pawokha. Pambuyo pake wopanga vinyo amayesa m'timabotolo toyezera, lero magawo 75 kwa 25, mawa 80 kwa 20, akulawa mpaka atapeza pamene winayo sakuphimba mnzake. Vinyoyo amakhala miyezi 12 mpaka 18 m'migolo ya thabwa la oak ya malita 225, ndiye kuti mgolo umodzi umadzaza mabotolo 300. Kusakanizaku ndi chitetezonso. Merlot amaphuka msanga, ndipo chisanu chikagwa mu Epulo ngati cha 2017 ndiye woyamba kupsa nacho, mlimi n'kudalira mtundu winawo. N'chifukwa chake magawo amasintha chaka ndi chaka ngakhale dzina pa botolo lili lomwelo.

Pa chizindikiro cha botolo pali msampha umene wagwira ambiri. Mawu akuti "Saint-Émilion Grand Cru" ndi "Grand Cru Classé" si amodzi. Oyambawo ndi dzina limene minda mazana angapo imaloledwa kulemba ikatsata malamulo okhwimirapo a kuchuluka kwa zokolola ndi nthawi yosungira. Achiwiriwo ndi a minda yosankhidwa pa mndandanda umene unayamba mu 1955 ndipo umaunikidwanso pafupifupi zaka khumi zilizonse. Wa 2022 uli ndi minda 85, pamwamba penipeni pali Château Figeac ndi Château Pavie. Minda yotchuka ya Ausone, Cheval Blanc ndi Angélus inadzichotsa yokha mndandandawo usanatuluke, choncho kusowa kwa mawuwo pa botolo sikutanthauza kuti vinyo ndi wotsika. Chinanso, si Saint-Émilion yense amene ali pa laimu. Figeac ndi Cheval Blanc ali pa nsangalabwi, kufupi ndi dera loyandikana nalo la Pomerol, ndipo kumunsi cha ku Dordogne kuli minda ya mchenga yotulutsa vinyo wopepuka. Ofuna wa pa thanthwe lenileni ayang'ane mayina monga Château Canon, Clos Fourtet ndi Beau-Séjour Bécot. Mitengo yake ndi yowawa, tisabise. Koma mwala womwewo umapitirira mpaka ku madera apafupi a Castillon, Montagne-Saint-Émilion ndi Fronsac, kumene botolo limatsika mtengo kwambiri, ndipo m'maganizo athu wophunzira kulawa ayambire kumeneko. Kwa abale a ku South Africa, chigwa cha Robertson ku Western Cape chili ndi nthaka ya laimu wambiri, ndipo munda wa Springfield Estate umapanga vinyo wosakaniza wa mitundu ya ku Bordeaux wotchedwa The Work of Time.

Chaka cholembedwa pa botolo ndi chaka chokolola. Za 2015, 2016, 2019 ndi 2020 zinali zabwino ku Saint-Émilion, pamene 2013 inali ya mvula ndipo vinyo wake ndi wowonda, wosayenera kusungidwanso. Vinyo wabwino wa pa chitunda amafuna zaka 8 mpaka 10 kuti amasuke, ngati wasungidwa pozizira.

Musanalipire kapena kutsegula, yang'anani botolo. Ngati vinyo sanakwane zaka 15, ayenera kufika m'khosi mwa botolo. Akatsikira m'mapewa ndiye kuti mpweya walowa. Pitirizani chala pamwamba pa chotsekera chake chotchedwa cork: cork wotumphuka kupitirira mlomo wa botolo, kapena mzere womata wotsikira pa chizindikiro, zikusonyeza kuti vinyo anatenthedwa, anafufuma n'kukankha chotsekeracho. Botolo loikidwa pa windo la sitolo kapena pansi pa getsi lowala, lisiyeni. Kumbukirani kuti kuti lifike kuno layenda pa sitima ya pamadzi ndi pa lole masiku ambiri, ndiye lisamapsenso kachiwiri m'buti ya galimoto tsiku lonse. Pamwamba pa madigiri 25 vinyo amakalamba mothamanga, ndipo pa 30 kupita m'tsogolo amayamba kuphikika. Kunyumba ligonekeni chogona kuti cork asaume, m'katoni, pansi pa simenti m'chipinda chamkati chakutali ndi khitchini. Pamwamba pa firiji ndi malo oipitsitsa chifukwa pamatuluka kutentha. Amene alibe malo ozizira asamasunge botolo kudikira ukwati wa mwana amene ali sitandade 5. Aliike m'firiji, pa shelefu ya m'munsi, milungu ingapo n'kulimwa.

Pamene timalakwitsa kwambiri ndi pa kutentha kwa vinyo pomumwa. Mawu akuti vinyo wofiira salowa m'firiji anachokera ku nyumba zamiyala za ku Ulaya, kumene chipinda chinkakhala madigiri 16 mpaka 18. Amenewo ndiwo madigiri oyenera vinyoyu. Pabalaza pathu mu Okutobala pamafika 28 kapena 30, ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndiye osanena. Vinyo akapitirira 22, mowa umauluka mwamphamvu n'kuphimba fungo lonse, mphuno imamva kuluma, pakhosi pamawotcha, ndipo kuwawasa kotsitsimula kuja, kumene thanthwe linasunga chilimwe chonse, kumazimirira. Chotsala ndi madzi olemera owawa. Botolo la madigiri 28 limafuna ola limodzi kapena ola ndi mphindi 15 m'firiji. Mu ndowa ya madzi osakaniza ndi ayisi, theka kwa theka, mphindi 10 zakwana, bola madziwo afike m'khosi mwa botolo, apo ayi tambula yoyamba ituluka yofunda. Magetsi akazima, kulimiza m'madzi a mumtsuko kapena kulikulunga nsalu yonyowa pamalo opita mphepo kumachotsako madigiri angapo, ngakhale sikufikitsa pa 17. Osapitiriranso muyeso: pansi pa madigiri 12 fungo limatsekeka ndipo vinyo amakhakhala n'kuwawa. Zikatero fumbatani tambula m'manja mphindi zochepa. Kuli bwino kuthira wozizirirapo, cha m'ma 15, popeza m'tambula amafunda msanga. Ayisi m'tambula ayi, amasungunula zonse.

Potsegula, dulani chikutiro m'munsi mwa mlomo wa botolo, pukutani, lowetsani chotsegulira pakatikati pa cork ndipo kokani mosagwedeza. Cork akaduka, musataye mtima: kankhirani chotsalacho mkati n'kusefa vinyo ndi sefa ya tiyi yoyera. Vinyo wosakwana zaka 10 amapindula ndi mpweya. Mukhuthulireni m'jagi yagalasi yotsuka bwino ola limodzi kapena awiri musanamwe, jagiyo ili pozizira. Wa zaka 15 kupita m'tsogolo ndi wosiyana. Imikani botolo tsiku limodzi kapena awiri kuti nsenga zikhazikike pansi, kenaka khuthulani pang'onopang'ono mosadukiza, tochi ya foni ikuwala kunsi kwa khosi la botolo. Mukaona nsenga zikufika m'khosi, lekani. Ameneyu amwedwe pasanathe mphindi 30, pakuti vinyo wokalamba mpweya umamutha msanga. Timiyala tonga shuga tomatirira pa cork si magalasi osweka, ndi mchere wa asidi wa mphesa ndipo sitivulaza.

Tambula ikhale ya kamwendo, ya mimba yaikulu ya mamililita 400 mpaka 600, yopanikiza kukamwa. Inunkhizeni ili yopanda kanthu. Ikamveka sopo, nsalu yopukutira mbale kapena fungo la m'kabati, itsukeninso ndi madzi otentha okha. Polawa thirani mamililita 50, ndiye kuti botolo limodzi likwanira anthu 15. Pomwera chakudya thirani 125, matambula 6 pa botolo, ndipo vinyo asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a tambula. Kudzaza mpaka m'milomo kumaoneka ngati ulemu kwa mlendo, koma kumamumana malo amene fungo limasonkhana. Gwirani kamwendo, osati mimba. Khalani kutali ndi utsi wa mbaula ndi mafuta onunkhira, chifukwa mphuno ndiyo imagwira ntchito yaikulu kuposa lilime.

Pendeketsani tambula pamwamba pa pepala loyera. Vinyo wamng'ono amakhala wofiira moderako, m'mphepete mwake mwa mtundu wa jambula. Akamakula m'mphepetemo mumatembenukira ku mtundu wa njerwa yowotcha. Wa zaka zisanu amene wafika kale pa bulawuni ngati tiyi ndiye kuti wawonongeka ndi mpweya kapena kutentha. Misozi yotsetsereka m'mbali mwa tambula, imene ena amaitama, imangonena kuti mowa ulimo wambiri. Za ubwino sinena kanthu.

Nunkhizani kaye musanagwedeze, kenaka zunguzani tambula ili pa tebulo masekondi asanu n'kununkhizanso, mphuno ili mkati, mokoka pang'onopang'ono kawiri kapena katatu. Choyamba funsani ngati vinyo ali bwino. Fungo la katoni yonyowa kapena chipinda cha nguwi limachokera ku cork wodwala, mankhwala otchedwa TCA amene mphuno imawamva ngakhale ali ochepetsetsa. Silichoka ndi mpweya, limangokula, ndipo botolo lotere kumalo odyera muli ndi ufulu wolibweza. Fungo la viniga kapena la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo likusonyeza kuti tizilombo tasandutsa mowa kukhala asidi. Fungo la khola la mbuzi limabwera ndi yisiti wakutchire wotchedwa Brettanomyces. Kochepa ena amakakonda, koma likaphimba zipatso ndi chilema. Fungo la zipatso zophikidwa mpaka kupserera ndilo la botolo la m'kabati ija. Koma kafungo ka machesi ongozimitsa kapena ka dzira pongotsegula kawirikawiri kamachoka vinyo akakhala m'jagi mphindi 20.

Vinyo akakhala wabwinobwino, fufuzani m'magulu atatu. Za mphesa: mapulamu ndi mabulosi akuda kuchokera kwa Merlot, sitiroberi ndi rasipiberi ngati zogulitsidwa pa phiri la Zomba kuchokera kwa Cabernet Franc, ndi kafungo ka pensulo yongosongola. Za mgolo: vanila, khofi wokazinga, ndi fungo la thabwa longa la mkungudza wa ku Mulanje. Za ukalamba: fodya wouma, bowa, dothi la mvula yoyamba. Pa fodyapo anthu a kwathu mphuno zathu n'zophunzira kale, ndipo amene analowapo m'chigafa adzalizindikira msanga kuposa Mfalansa. Kafungo ka tsabola wobiriwira wosawawa uja kakakhala kochepa ndi chizindikiro cha Cabernet Franc, koma kakachuluka ndiye kuti mphesa zinathyoledwa zisanapse. Musavutike kuloweza mayina a zipatso zimene simunadyepo. Ngati mukumva nthudza kapena chidede, nenani zimenezo.

M'kamwa tengani kochepa, ngati supuni yaikulu imodzi, kayendetseni paliponse masekondi 5 mpaka 10, ndipo kokani kampweya pakati pa milomo kuti fungo likwere kumphuno. Mukameza kapena kulavula, weramitsani mutu, kamwa ili yotsegula pang'ono, muone malovu. Akamatuluka ambiri m'mbali mwa lilime, asidi alimo wokwanira. Pamenepa ndi pamene vinyo wa pa laimu amadzionetsa: mphamvu ya mowa ndi 14 peresenti, zipatso n'zakupsa, koma m'kamwa simulemedwa, mumafuna kulawanso.

Chachiwiri ndi tannin, chinthu chochokera m'khungu ndi njere za mphesa komanso m'thabwa la mgolo. Ambiri amachisokoneza ndi kuwawa. Kuti muchidziwe, viikani timatumba tiwiri ta tiyi wa ku Thyolo m'madzi owira okwana mamililita 200 kwa mphindi 8, osathira shuga kapena mkaka, mulawe atazizira. Kuuma ndi kukhakhala kumene mukumva m'nkhama ndi pa lilime, ngati mwaluma nthochi yaiwisi, ndi tannin ameneyo. Thiranimo mkaka mulawenso, muona kuti wafewa, chifukwa tannin amagwirana ndi mapuloteni a mumkaka m'malo mogwira a m'malovu anu. Mwa vinyo funso si lakuti alimo kapena mulibe, alimo ndithu. Funso ndi lakuti ndi wosalala motani. Pitirizani lilime m'nkhama zakumwamba. Wa mphesa zosapsa kapena zofinyidwa mwankhanza amamveka ngati gaga. Wa vinyo wamba wabwino ali ngati mgaiwa. Wa pa chitunda cha Saint-Émilion, chaka chikakhala chabwino, ali ngati ufa woyera wosefedwa kawiri, wouma koma wosakanda, ndipo amabwera kumapeto m'malo moyamba ndi kukumenyani.

Chomaliza kuyesa ndi kutalika. Mukameza, werengani masekondi mpaka kukoma kwa zipatso kutatha, osawerengera kuwotcha kwa mowa. Vinyo wamba amazimirira pasanathe masekondi 10. Wabwino amafika 30 kapena kupitirira, ndipo amasintha ali m'njira, kuyamba ndi pulamu, kudzera pa fodya, kumalizira pa kamchere kotulutsa malovu. Ndalama zanu zambiri zapita pa masekondi amenewa, ndiye womwa mogubuduza sakumana nazo. Kuti zonsezi zimveke bwino, ikani matambula awiri pamodzi, ina ya vinyo wa pa laimu, ina ya Merlot wamba wa mtengo wotsika, onse pa madigiri ofanana. Kenaka siyani tambula ya vinyo wabwinoyo pa tebulo mphindi 40 mpaka afunde, mumuyerekeze ndi wongothira kumene kuchokera m'jagi yozizira. Anthu ambiri sakhulupirira kuti achokera m'botolo limodzi.

Polawa mabotolo angapo, lavulirani m'kapu, si mwano. Tambula ya mamililita 125 ya vinyo wa 14 peresenti ili ndi magalamu pafupifupi 14 a mowa weniweni, botolo lonse magalamu oposa 80, ndipo mukameza matambula awiri lilime ndi mphuno zimayamba kunama. Woyendetsa galimoto ndiye alavule zonse. Pakati pa vinyo ndi vinyo imwani madzi n'kudya kabuledi kopanda kanthu.

Pa chakudya, phunziro la mkaka lija likugwiranso ntchito. Nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi yowotcha, ya mafuta pang'ono ndi mchere wokwanira, imafewetsa tannin, zipatso n'kuonekera. Ku Bordeaux amawotcha nyama ya ng'ombe pa moto wa nthambi zouma za mpesa. Bakha, nyemba zophika bwino ndi bowa wa m'dzinja zimayenda naye bwino, makamaka vinyo wokulirapo, ndipo nsima siilimbana naye. Adani ake ndi atatu. Kambuzi amachulukitsa kuwotcha kwa mowa. Nsomba, kaya chambo kaya usipa, imasiya kukoma konga kwa chitsulo ikakumana ndi vinyo wofiira wamphamvu. Choopsa kwambiri ndi shuga: mukangodya keke ya ukwati, vinyo amamveka wowawasa ndi wowawa ngati mankhwala. A komiti za maukwati, vinyo wofiira aperekedwe ndi nyama, keke isanadulidwe.

Akatsala, musamusiye pa tebulo usiku wonse. Bwezerani cork, mbali yomwe inali mkati ilowenso mkati, n'kuimika botolo m'firiji, ndipo akhala bwino masiku awiri kapena atatu. Ngati watsala theka, mukhuthulireni m'kabotolo koyera ka mamililita 375 kapena kocheperapo mpaka kadzaze, popeza chomuwononga ndi mpweya wotsala pamwamba pake. Mutulutseni mphindi 30 musanamwe. Saint-Émilion wamng'ono wa pa laimu, amene dzulo anali wouma ndi wotsekeka, nthawi zambiri tsiku lachiwiri ndi pamene Cabernet Franc amatulutsa maluwa ake, ndiye siyaniko mamililita 100 dala kuti mudzalawe mawa madzulo.

Ife anu,
Ogwira ntchito yosankha ndi kuperekera vinyo,
Lilongwe ndi Cape Town